Go, Rust kapena C pa Raspberry Pi: kumanga pulogalamu bandulo ikakhala yochepa

wa_ku_Chirimba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikulemba pulogalamu yoti izikhala pa Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya ARM) m'malo omwe muli mapampu oyendera sola. Ntchito zake ndi zitatu: kuwerenga ma inverter kudzera pa Modbus RTU (njira yolankhulirana ndi zipangizo) pa waya wa RS-485, kusunga manambalawo mu database ya SQLite, ndi kuwatumiza ku seva pa MQTT (njira yotumizira mauthenga) yotetezedwa ndi TLS netiweki ikapezeka. Ambiri ndi ma Pi 3 okhala ndi Raspberry Pi OS ya bullseye ya 64-bit, koma palinso ma Pi Zero akale angapo. Timamangira pa malaputopu atatu a Ubuntu 24.04 muofesi muno mu Blantyre, ndipo intaneti yathu ndi ya bandulo, ndiye megabyte iliyonse timaimva m'thumba.

Za kukoma kwa chilankhulo polemba tisakambe lero. Ndikufuna kumva za ma dependency (malaibulale a anthu ena omwe pulogalamu imadalira) ndi build (kumanga pulogalamu kuchokera ku code) basi. Pakati pa Go, Rust, C ndi Zig, ndi kuti komwe munthu angatsitse zofunika kamodzi, n'kuzimitsa data, n'kumangabe mwezi wathunthu? Ndi kuti komwe kumangira ARM uli pa laputopu sikuvuta? Nanga pakatha zaka ziwiri wina akatenga code yomweyi, idzamangikabe?

Soche_dev:

Achimwene a ku Chirimba, pa ntchito imene mwafotokozayi ine ndinganene Go, bola musalole C kulowamo. Mukasunga `CGO_ENABLED=0`, yomwe imazimitsa cgo (njira imene Go imalumikizira code ya C), kumangira Pi 3 ndi mzere umodzi wokha:

`CGO_ENABLED=0 GOOS=linux GOARCH=arm64 go build -trimpath -ldflags="-s -w" ./cmd/gateway`

Palibe compiler ina yotsitsa, palibe sysroot (foda ya malaibulale a makina omwe mukumangira), ndipo binary yotuluka siidalira glibc (laibulale yoyambira ya C pa Linux) ya pa Pi. TLS ili kale mu laibulale ya Go yeniyeni, crypto/tls. MQTT muli ndi paho.mqtt.golang ya Eclipse, Modbus muli ndi simonvetter/modbus kapena goburrow/modbus, zonsezi ndi Go yokhayokha. Pomwe anthu amapunthwa ndi pa SQLite. Driver wotchuka, mattn/go-sqlite3, ndi C yokutidwa ndi cgo. Choipa chake n'chakuti mukamangira makina ena cgo imazima yokha, build imadutsa bwinobwino osadandaula, kenako pulogalamu ikafika pa Pi n'kuyesa kutsegula database ndi pomwe imanena kuti go-sqlite3 imafuna cgo. Vuto mulipezera kumunda osati muofesi. Tengani modernc.org/sqlite, yomwe ndi SQLite yomweyo yosandutsidwa kukhala Go. Imachedwerapo pang'ono poyerekeza ndi ya C, koma polemba mizere ingapo pa mphindi simudzaziona. Dzina la driver mu `sql.Open` ndi "sqlite", osati "sqlite3". Komanso musakweze modernc.org/libc payokha; eni ake amachenjeza kuti ikhale pa version yomwe ili mu go.mod yawo.

Pa ma version, Go imayenda mosiyana ndi anzake ndipo ndi bwino kumvetsa. Njira yake, Minimal Version Selection ya Russ Cox, imayang'ana version yotsikitsitsa imene module iliyonse yapempha, n'kutenga yaikulu pakati pa zopemphedwazo. Siipita kukafunsa kuti kwatuluka chiyani sabata ino. Ndiye go.mod payokha imakwanira kupereka yankho lomwelo lero ndi 2027. Fayilo ya go.sum ndi ya ma hash otsimikizira kuti zomwe mwatsitsa sizinasinthidwe, si yosankha ma version. Zonse ziwiri zilowe mu git.

Zopanda intaneti pali njira ziwiri. Yoyamba ndi `go mod vendor`, yomwe imakopera ma package omwe mukugwiritsadi ntchito mu foda ya vendor/. Kuyambira Go 1.14, foda imeneyo ikakhalapo `go build` imaigwiritsa ntchito osauzidwa. Mukasintha go.mod osabwerezanso `go mod vendor`, mudzalandira uthenga wa inconsistent vendoring chifukwa vendor/modules.txt sikugwirizananso. Yachiwiri, yomwe ndimaiona yabwino kwa anthu atatu okhala chipinda chimodzi: laputopu imodzi ichite `go mod download`, ndipo foda ya `~/go/pkg/mod/cache/download` ili kale m'maonekedwe a proxy. Ikopereni pa flash, enawo aike `GOPROXY=file:///njira/ya/download`, kapena muiyatse ndi `python3 -m http.server` pa Wi-Fi ya muofesi. Module iliyonse yalipiridwa kamodzi.

Chodya bandulo mobisa ndi ichi. Kuyambira Go 1.21, mzere wa `go` mu go.mod ukafuna version yoposa imene muli nayo, command ya go imadzitsitsira toolchain yatsopano yokha, ma megabyte makumi angapo, osafunsa. Dependency imodzi yokwezedwa ndi `go get -u` ikhoza kukweza mzerewo. Chitani `go env -w GOTOOLCHAIN=local` pa makina onse atatu, kuti izikana ndi uthenga m'malo motsitsa, ndipo `GOPROXY=off` pa tsiku lomwe mukufuna kutsimikiza kuti palibe chotuluka panja.

Za zaka ziwirizo: ndi toolchain yomweyo, `-trimpath` ndi cgo yozima, binary imatuluka yofanana ndendende. Ndipo `go version -m gateway` imakuwerengerani, kuchokera mu binary momwemo, version ya Go, ma module onse ndi commit yomwe inamangidwa. Pi ikabwera kuchokera kumunda osadziwa kuti muli chiyani, command imeneyo ndi yoyamba.

ferris_wa_Limbe:

Sindikutsutsa zomwe a Soche anena za kumangira ARM, pamenepo Go ili patsogolo. Koma Cargo, chida cha Rust chotsitsira ma dependency ndi kumangira, imachita bwino zinthu zina zomwe muyenera kuziyeza musanasankhe, makamaka ngati Pi Zero ya 512 MB ili m'gulu ndipo mukufuna pulogalamu yosadya RAM.

Cargo imasankha version yatsopano kwambiri yogwirizana ndi zomwe mwalemba, n'kuzikhomera mu Cargo.lock. Mukalemba "1.2" ndiye kuti chilichonse kuyambira 1.2.0 osafika 2.0.0, koma "0.3" imaima isanafike 0.4.0. Cargo.lock ikasowa mu git, malaputopu anu atatu akhoza kumanga zinthu zitatu zosiyana. Ma version awiri osagwirizana a crate (package ya Rust) imodzi amaloledwa kukhalira limodzi, zomwe zimachotsa mikangano yambiri koma zimanenepetsa build. `cargo tree -d` imakuonetsani obwerezedwawo.

Kale vuto lalikulu la data linali index ya crates.io, yomwe inkatsitsidwa yonse ngati git. Kuyambira Rust 1.70, mu June 2023, njira ya sparse ndiyo yokhazikika ndipo imatsitsa mbiri ya ma crate okhawo omwe mukufuna. Choncho musagwiritse ntchito Cargo yakale kuposa pamenepo. Ya mu apt ya Ubuntu 24.04 ndi 1.75: ili ndi sparse, koma siwerenga Cargo.lock ya mtundu 4 yomwe ma Cargo atsopano amalemba, ndipo imakana crate iliyonse ya edition 2024. Ikani Rust kudzera pa rustup, chida chake choikira, muyambe ndi `rustup set profile minimal` kuti musatsitse mabuku a docs, ndipo muike fayilo ya rust-toolchain.toml mu project yotchula version imodzi yeniyeni, osati "stable". Mukalemba "stable", `rustup update` ikhoza kukutsitsirani compiler yatsopano, poti imatuluka masabata 6 aliwonse. Mukhomerenso `rust-version` mu Cargo.toml, chifukwa resolver 3 (chosankha ma version cha Cargo), yomwe inabwera ndi 1.84, imapewa ma crate ofuna compiler yoposa yanu.

`cargo vendor` imagwira ntchito, ndipo ikatha imasindikiza mizere yoti muike mu .cargo/config.toml. Koma chenjerani: imatsitsa ma crate a makina onse otchulidwa mu Cargo.lock, kuphatikizapo windows-sys ndi abale ake, omwe ndi aakulu kwambiri pomwe inu simudzamangira Windows. Pa bandulo njira yotsika mtengo ndi `cargo fetch --locked --target aarch64-unknown-linux-gnu`, kenako kukopera `~/.cargo/registry` kwa anzanu, n'kumanga ndi `--frozen`, yomwe imaletsa kusintha lock komanso kukhudza netiweki. Ngati mukufunadi vendor/ yolowa mu git, cargo-vendor-filterer imachotsa zosafunikazo. Ndipo musakonze fayilo mkati mwa vendor/: crate iliyonse ili ndi .cargo-checksum.json, build idzakana. Kukonza crate ya wina kumadzera pa gawo la patch.crates-io mu Cargo.toml.

Tsopano mbali yowawa, yomwe sindikufuna kuibisa. Pa ntchito yanuyi Rust siithawa C. rusqlite, crate ya SQLite, ndi feature ya `bundled` imamanga sqlite3.c kudzera pa crate ya cc. rumqttc, crate ya MQTT, imagwiritsa ntchito rustls pa TLS, zomwe zimakupulumutsani ku openssl-sys ndi mavuto ake a pkg-config, koma pansi pa rustls pali ring kapena aws-lc-rs, ndipo zonse ziwiri zili ndi C ndi assembly. Kuyambira rustls 0.23 yokhazikika ndi aws-lc-rs, yomwe ndi yolemera kumanga. Ngati crate yanu ikulola, sankhani ring. Crate ya serialport imakoka libudev pokhapokha mutalemba `default-features = false`. Ndipo ma feature amaphatikizana: dependency ina ikayatsa feature imene inu munazimitsa, yayaka basi. `cargo tree -e features -i dzina_la_crate` imaulula amene wayatsa.

Ndiye `rustup target add aarch64-unknown-linux-gnu` siyokwanira. Imangobweretsa std, laibulale yoyambira ya Rust. Mukufunanso linker ndi compiler ya C ya ARM, zotchulidwa mu `CARGO_TARGET_AARCH64_UNKNOWN_LINUX_GNU_LINKER` ndi `CC_aarch64_unknown_linux_gnu`. Chida cha cross chimathetsa zimenezi ndi ma image a Docker, koma ma image amenewo ndi aakulu ndipo kuno sangakukomereni.

Foda ya target/ imafika ma gigabyte, koma ndi disk yanu osati data. Musaifufute chifukwa cha mantha, mudzangodikira build yonse kuyambira pachiyambi batire ya laputopu ikutha magetsi atazima.

makefile_Ndirande:

Ana anga, nonse awiri mwakhudza chinthu chimodzi n'kuchidutsa, pomwe ndi chomwe chimagwetsa ntchito zambiri za mtundu uwu. A Chirimba anena kuti laputopu ndi Ubuntu 24.04, Pi ndi bullseye. Ubuntu 24.04 ili ndi glibc 2.39, bullseye ili ndi 2.31. Mukaika gcc-aarch64-linux-gnu kuchokera mu apt n'kumanga nayo, kaya ndi C, kaya Rust ya target ya gnu, kaya Go yoyatsa cgo, binary ikafika pa Pi idzati version GLIBC_2.34 not found. Ngakhale pulogalamu yongolemba moni idzatero, chifukwa mu 2.34 ntchito yoyambitsa pulogalamu iliyonse, __libc_start_main, inapatsidwa version yatsopano. glibc imalola binary yakale kuyenda pa makina atsopano, koma osati yatsopano pa akale. Musananyamule kanthu kupita kumunda chitani `aarch64-linux-gnu-objdump -T gateway | grep GLIBC_` ndipo nambala yaikulu isapose 2.31. OpenSSL nayo ndi chimodzimodzi: laputopu ili ndi libssl.so.3, bullseye ili ndi libssl.so.1.1.

Choncho mu C funso la dependency lili ndi mbali ziwiri, code ya laibulale ndi makina omwe idzakhalepo. Palibe chida chimodzi chogwira zonse ngati Cargo, ndipo sindikunamizani kuti chilipo.

Njira yomwe ndimalangiza ndi yomangira mkati mwa bullseye momwemo. Chitani debootstrap (kuika Debian yaing'ono) ya bullseye ya amd64 mu foda pa laputopu, mulowemo ndi chroot (kugwira ntchito mu fodayo ngati ndi makina apaokha), muchite `dpkg --add-architecture arm64`, muike crossbuild-essential-arm64 pamodzi ndi libmodbus-dev:arm64, libmosquitto-dev:arm64, libsqlite3-dev:arm64 ndi libssl-dev:arm64. Mukatha mangani foda yonseyo mu tar imodzi. Tar imeneyo ndiye nkhokwe yanu: mukakolola kamodzi, mudzadya zaka, ndipo ikhale pa disk ziwiri zosiyana. Ma version a compiler, glibc ndi malaibulale onse ali momwemo ndipo akufanana ndi zomwe apt ya pa Pi imaika. Izi n'zofunika chifukwa Debian ikasiya kuthandiza release imasamutsira ma package ku archive.debian.org, ndipo malangizo omwe munalemba lero sadzayendanso monga analili.

Njira ina ndi kukopera /lib, /usr/lib ndi /usr/include kuchokera pa Pi kukhala sysroot. Imatheka, koma ili ndi misampha itatu. Ma symlink ambiri mmenemo amaloza njira yoyambira pa /, ndiye pa laputopu amaloza malo olakwika. Kukopera ndi `rsync --copy-unsafe-links` kumakonza. Wachiwiri, pkg-config imapitiriza kuwerenga ma .pc a laputopu mpaka mutaika `PKG_CONFIG_LIBDIR` ndi `PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR`, ndipo chizindikiro chake ndi linker kunena kuti file in wrong format chifukwa yapatsidwa laibulale ya x86. Wachitatu, gcc ya cross ya Ubuntu ili ndi glibc yakeyake mu /usr/aarch64-linux-gnu/lib yomwe ikhoza kupezeka sysroot yanu isanafikidwe. Mu CMake, fayilo ya toolchain ikhale ndi `CMAKE_SYSROOT`, ndipo `CMAKE_FIND_ROOT_PATH_MODE_LIBRARY` ndi `_INCLUDE` zikhale ONLY pomwe `_PROGRAM` ili NEVER.

Za zida zotsitsira. FetchContent ya CMake imasunga zotsitsa mu build/_deps, ndiye aliyense wozolowera `rm -rf build` amagulanso zonse. Lozani `FETCHCONTENT_BASE_DIR` kunja kwa build/, kapena sungani ma tarball mu third_party/ n'kupereka njira ya pa disk ngati URL, limodzi ndi `URL_HASH SHA256=`. `FETCHCONTENT_FULLY_DISCONNECTED=ON` imaletsa kuyesa netiweki. Musalembe `GIT_TAG main`. Imeneyo si version. Dziwaninso kuti CMake 4.0 ya 2025 imakana ma project olemba cmake_minimum_required yotsika kuposa 3.5, ndipo malaibulale akale ambiri ali choncho; `-DCMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5` imawadutsitsa. Ndi chifukwa chake version ya CMake nayonso ndi dependency.

vcpkg ya Microsoft ili ndi vcpkg.json ndi builtin-baseline yokhomera ma version pa commit imodzi. Imamanga chilichonse kuchokera ku code, kawiri, debug ndi release, pokhapokha mutaika `VCPKG_BUILD_TYPE release` mu triplet. Cache yake ya zomangidwa imawerengera compiler mu hash, ndiye `apt upgrade` ikakhudza gcc zonse zimamangidwanso. Conan 2 ili ndi ma profile awiri, `-pr:b` wa laputopu ndi `-pr:h` wa Pi, ndipo maganizo amenewo ndi olondola pa ntchito ya cross. Ilinso ndi lockfile, ndi `conan cache save` yonyamulira ma package pa flash. Zida zabwino zonse ziwiri, kwa munthu wa C++ wokhala ndi malaibulale makumi atatu. Inu muli ndi anayi. SQLite ndi fayilo imodzi, sqlite3.c, yomwe mungangoiika mu project. Makefile ya mizere makumi anayi ikukwanirani, bola muike `-MMD -MP` kuti header ikasintha ma .o omwe amaidalira amangidwenso. Popanda zimenezo struct imasintha kukula mbali imodzi yokha ndipo pulogalamu imagwa popanda chifukwa chooneka.

Mukaganiza zolumikiza zonse static, kumbukirani kuti libmodbus ili pansi pa laisensi ya LGPL. Ngati mabokosiwa mukugulitsa kwa makasitomala, ayenera kukhala ndi mwayi wolumikizanso pulogalamu ndi libmodbus yawo. Kuisiya ngati .so ndi kosavuta.

Chomaliza, pa za chitetezo, poti achemwali a ku Limbe sanatchule. Kumanga kumatanthauza kuyendetsa code ya anthu ena pa laputopu yanu. Mu C ndi configure ndi CMakeLists, mu Rust ndi build.rs ndi ma proc macro. Khomo lachinsinsi la xz (chida chofinyira mafayilo) 5.6.0 ndi 5.6.1, lomwe Andres Freund anapeza mu March 2024, linkayambira mu script ya m4 yomwe inali mu tarball koma osati mu git. Hash ikanakuuzani kuti tarball ndi yomweyo imene inatulutsidwa, ndipo zinali zoona. Go pamenepa ndiyolimba, chifukwa kutsitsa ndi kumanga module sikuyendetsa script ya mwini wake. Kulikonse komwe mungapite, ma dependency akhale ochepa oti mungawatchule pamtima.

wa_ku_Chirimba:

Zikomo kwambiri bambo, nkhani ya glibc ija sindikanaiganizira. Nanga ma Pi Zero aja? Ndimaganiza zomanga binary imodzi ya 32-bit ndi gcc-arm-linux-gnueabihf kuti iziyenda paliponse. Komanso palibe amene wanenapo za Zig.

Zingwangwa_01:

Achimwene, gcc-arm-linux-gnueabihf ya Ubuntu musaiyese pa Zero. Pi Zero ndi Zero W zakale zili ndi ARM1176JZF-S, yomwe ndi ARMv6. Armhf ya Debian ndi Ubuntu inamangidwira ARMv7, ndipo ngakhale mutalemba `-march=armv6` pa code yanu, ma fayilo oyambira a crt ndi libgcc omwe amalumikizidwa ndi a ARMv7 kale. Zotsatira zake ndi Illegal instruction kapena segfault pulogalamu isanafike pa main. Zero 2 W ndi ina, ili ndi Cortex-A53 ngati Pi 3, ndiye yang'anani kaye ndi `uname -m`: ikati armv6l ndi yakale ija. Mu Go yankho ndi `GOARCH=arm GOARM=6`. Mu Rust ndi arm-unknown-linux-musleabihf, yomwe imabwera ndi ma crt akeake. Target yomwe dzina lake limayamba ndi armv7 ndi yolakwika. Mangani ma binary awiri, arm64 ndi armv6, ndipo dzina la fayilo lizinena.

Pa Zig ndisiyanitse zinthu ziwiri. Kulemba pulogalamu yonse mu Zig pa ntchito yoti ikhale zaka kumunda, panopa sindingalangize. Chilankhulochi sichinafike 1.0 ndipo build.zig imathyoka pafupifupi release iliyonse. Woyang'anira ma package anabwera mu 0.11, mu 2023: build.zig.zon imasunga URL ndi hash ya dependency iliyonse, `zig fetch --save` imalemba zimenezo, `zig build --fetch` imatsitsa zonse n'kuima, ndipo zimakhala mu `~/.cache/zig/p` momwe mungazikopere. Palibe registry yapakati, palibenso chosankha ma version. Chomwe mwaloza ndi chomwe mwapeza. N'zosavuta kumva, koma mu 0.14 maonekedwe a .zon ndi a hash anasintha, ndipo package yolembedwera Zig ina nthawi zambiri siimangika ndi yanu. Malaibulale okhwima a MQTT ndi Modbus mudzawatengabe ku C.

Koma `zig cc` ndi nkhani ina, ndipo ndi yankho la vuto lomwe bambo a ku Ndirande afotokoza. Ndi clang yonyamula ma header ndi zizindikiro za ma glibc ambiri, ndi code ya musl (libc ina yaing'ono), mu fayilo imodzi yotsitsa ya ma megabyte pafupifupi 50. Simuika ndi apt, mumangoimasula mu foda. Version ya glibc mumaitchula nokha:

`zig cc -O2 -target aarch64-linux-gnu.2.31 main.c sqlite3.c -o gateway`

Binary imeneyo siidzapempha chizindikiro choposa 2.31. Ya Zero ndi `-target arm-linux-musleabihf -mcpu=arm1176jzf_s`. Ulendo woyamba pa target iliyonse imachedwa chifukwa ikumanga zidutswa za libc, koma ndi pa disk, intaneti siikhudzidwa. Imalowanso pansi pa zilankhulo zina. Wofuna mattn/go-sqlite3 aike `CGO_ENABLED=1` ndi `CC="zig cc -target aarch64-linux-gnu.2.31"`. Wa Rust atenge cargo-zigbuild achite `cargo zigbuild --target aarch64-unknown-linux-gnu.2.31`, ndipo rusqlite ndi ring zimamangika popanda Docker.

Malire ake: imakupatsani libc yokha. libudev, libssl kapena libmosquitto ya pa Pi siili mmenemo, ndiye mwina mumange kuchokera ku code kapena mubwerere ku chroot ija. Msampha wina ndi woti mukamanga mopanda `-O2`, zig cc imayatsa zofufuza za undefined behaviour, ndipo code ya C yakale ikalakwira lamulo pulogalamu imaimitsidwa, pa ma version ena ndi Illegal instruction. Pa Zero munthu amathamangira kuganiza kuti ndi vuto la ARMv6 pomwe si choncho. Yesani ndi `-fno-sanitize=undefined`; ikayenda, vuto lili mu code ya C osati mu target.

Soche_dev:

Ndionjezere pa Zero. `GOARM=6` ikwanira pa code ya Go, koma modernc.org/sqlite ndi yaikulu, ndiye muiyese pa Zero yeniyeni n'kuona RAM ndi `ps -o rss` musanalonjeze kanthu. Ikalemera, njira ya a Zingwangwa ya mattn ndi zig cc ndi yomwe ndingatenge pa ma Zero okhawo, kusiyanitsa ma driver awiriwo ndi ma build tag.

Pali zinthu ziwiri zomwe binary ya static siinyamula ndipo build siingakuchenjezeni. Go imawerenga ma certificate a CA (omwe amatsimikizira certificate ya seva) kuchokera mu /etc/ssl/certs, ndiye package ya ca-certificates ikhalepo pa Pi, kapena muike CA ya seva yanu mkati mwa binary ndi `//go:embed`. Ndipo Pi 3 ndi Zero zilibe wotchi ya batire. Magetsi akazima n'kuyakanso netiweki kulibe, nthawi imatsalira m'mbuyo, TLS ikhoza kukana certificate ngati yosayamba kugwira ntchito, ndipo manambala olowa mu SQLite amakhala ndi nthawi yabodza. Kachipangizo ka DS3231 pa I2C ndi mzere wa `dtoverlay=i2c-rtc,ds3231` mu config.txt zimathetsa zimenezo.

Mukasankha, yesani motere musanapitirire: laputopu yachiwiri izimitse Wi-Fi, ikopere project ndi toolchain kuchokera pa flash, imange ma binary onse awiri, kenako mufanizire `sha256sum` ndi ya laputopu yoyamba. Zikasiyana pa Go, yang'anani `go version -m` pa onse awiri. Kawirikawiri ndi toolchain yosiyana, `-trimpath` yoiwalika, kapena mzere wa vcs.modified wonena kuti wina anamanga ali ndi zosintha zomwe sanachite commit.